Diso la Magnus ndi Nkhani ya Loboti Yochokera M'tsogolo

Achimwene amene munandilembera imelo mlungu wathawu, funso lanu linali lalifupi. Mwamaliza mishoni za ku Koleji ya Winterhold mu gemu ya pakompyuta ya Skyrim, mwaona amatsenga a gulu lachinsinsi la Psijic akuzungulira Diso la Magnus, chimpira chamatsenga chija, n'kuzimiririka nalo, ndipo tsopano mnzanu wina wa pagulu la WhatsApp wakuuzani kuti chinthucho ndi loboti yochokera m'tsogolo, n'kuwonjezera kuti amene sadziwa zimenezi sanasewerepo gemuyi. Mukufuna kudziwa ngati akunena zoona. Yankho lake likhoza kukwana m'mizere iwiri, koma mawu akuti "sanasewerepo" aja andigunda pabala, chifukwa inenso ndinauzidwapo mawu omwewo pankhani ya Diso lomweli, ndipo mpaka lero ndikawamva mtima umandinyamuka. Choncho mundilezere mtima, tidzera njira yaitali.

Skyrim inatuluka pa 11 Novembala 2011, koma ine inandipeza patapita zaka, pa laputopu yogula kwa munthu imene batire lake linali litafa ndisanaigule. Magetsi akangothima nayonso inkathima pomwepo, moti ndinazolowera kuseva pafupipafupi, ngakhale pamene sindinachite chilichonse chofunika. Kuwonjezera apo, makinawo anali ofooka. Ndikatulukira panja, pamene pali mapiri, chipale chofewa ndi zinjoka zouluka, chithunzi chinkayenda modukizadukiza fani ikulira mosalekeza, koma ndikalowa m'phanga kapena m'nyumba zonse zinkayenda bwino. Vuto limeneli ndi limene linandiumba kukhala wosewera wa mtundu umene ndili lero. Pamene anzanga ankathamangitsana ndi zinjoka, ine ndinkakhala m'laibulale ya Arcanaeum, pamaso pa Urag gro-Shub, Orc waukali uja amene amakuchenjezeratu kuti ukangomuwonongera buku uona zakuda, n'kumatsegula mabuku limodzilimodzi. Buku silivutitsa laputopu. Ndinawerenga za Ysgramor, za ana a Gauldur, za chilumba cha Artaeum, ndipo ndinkawerenga kope lili pambali, kulembamo mayina ndi zaka, chifukwa bandulo ya intaneti inali yodula moti mavidiyo a ola lathunthu ofotokoza mbiri ya gemuyi sindikanawafikira.

Tsiku lina Loweruka tinasonkhana kwa msuweni wanga, anyamata okonda magemu okhaokha, ndipo panafika mkulu wina amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg, mwini kompyuta yamphamvu ndi intaneti yosatha. Nkhani itafika pa Winterhold, ndinanena zimene ndinkaganiza, zoti Diso lija n'lakale kuposa mitundu yonse ya anthu a mu Tamriel, dziko lalikulu limene Skyrim ndi chigawo chake. Mkuluyo anaseka, anayang'ana anzake, n'kunena kuti, "Aise, Diso lija ndi KINMUNE, aliyense amadziwa. Iwe sunasewerepo Skyrim, unangodutsamo." Ndinamufunsa dzina la buku la mu gemu limene anawerengamo zimenezo. Buku sanatchule, anangoti ndikafufuze ndekha. Onse anafa nacho chiseko, ndipo ine, amene ndinali nditathera mausiku ambiri ndikuwerenga masamba a Urag, ndinasanduka mbuli ya pagululo chifukwa chosaonera vidiyo imene iye anaonera. Msuweni wanga anayesa kundipepesa pondiperekeza, amvekere munthuyo ndi mmene amayankhulira, koma chimene chinandiwawa sichinali chipongwe chokha. Chinali choti munthu anatenga chinthu chimene anangomva, n'kuchisandutsa chikwapu chokwapulira amene anaona yekha. Mwezi utatha, nditalandira, ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza KINMUNE wakeyo. Zimene ndinapeza ndizifotokoza, koma tiyambe ndi zimene gemu yeniyeniyo imaonetsa, chifukwa mkangano wonsewu umasokonekera pomwepo.

Diso timalipeza m'mabwinja a Saarthal, mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Nord. Tolfdir, mphunzitsi wa pakolejipo, amatengerako ophunzira atsopano, inu mumatumidwa kukathandiza Arniel Gane kutola tinthu tamatsenga, mumazula chithumwa pakhoma, mikondo n'kukutsekerani, ndipo mukachivala n'kuwombera khomalo ndi matsenga, limagumuka n'kuonetsa njira imene okumba aja sankaidziwa. M'njiramo nthawi imaima, Nerien wa gulu la Psijic amakuonekerani nokha, n'kukuuzani kuti mwayambitsa zinthu zimene sizingaimitsidwenso. Mukafika pansi penipeni, m'chipinda chachikulu, mumaliona: chimpira chachikulu kuposa munthu, cha mtundu wapakati pa buluu ndi wobiriwira, chikuyandama m'malere, chikuzungulira pang'onopang'ono mkati mwa kuwala kokhala ngati kamvuluvulu, thupi lake lopangidwa ndi zigamba zolowanalowana, ndipo m'mizere ya zigambazo muli zilembo zonyezimira. Patsogolo pake pamadzuka Jyrik Gauldurson, mtembo woyenda, ndipo kaya mumuteme chotani savulala, kufikira Tolfdir atatembenuzira matsenga ake pa chimpiracho. Apa ndi pamene timaphunzira chinthu choyamba chotsimikizika: Diso limapatsa mphamvu amene walumikizana nalo, ndipo kulumikizanako kukhoza kudulidwa.

Likafika ku koleji, limaikidwa pakati pa Hall of the Elements, ndipo Tolfdir, ataliyang'anitsitsa, amanena kuti zilembo zake si za Ayleid, si za Dwemer, si za Daedra, ndipo ngakhale za Falmer si zimenezo, kutanthauza kuti si za mtundu uliwonse wodziwika. Sungani mawu amenewa, tiwafuna patsogolo. Quaranir, wa Psijic wina, akabwera kudzakuonani amanena kuti mphamvu yotuluka m'chinthucho yakhala ikuwalepheretsa kukufikirani m'masomphenya, ndipo potchula dzina lake amasonyeza kuti ndi dzina limene anthu a pakolejipo angoyamba kulitchula. Ku Mzulft, makina a Dwemer, mtundu wakale wa akatswiri a makina, amene Paratus Decimius wa gulu la Synod akuvutika nawo amaonetsa mapu a Tamriel pakhoma, koma m'malo moonetsa malo ambirimbiri amatsenga amangowala pawiri, ku Winterhold ndi ku Labyrinthian, kumene Morokei, wansembe wa zinjoka, akusunga Ndodo ya Magnus. Kenako Ancano, nthumwi ya a Thalmor (gulu lolamulira la ma Elf), amalitsegula Disolo, akuluakulu a koleji Savos Aren ndi Mirabelle Ervine amafa, tinthu towala touluka timadzaza m'tauni ya Winterhold, ndipo pankhondo yomaliza zigamba zija zimatambasuka, kuwala kwa buluu kukutuluka m'kati, mpaka mutazitsekanso ndi Ndodo. Ancano akagwa, Quaranir ndi anzake awiri amati dziko silinakonzekere chinthu choterocho, n'kupita nacho. Zimene gemu imaonetsa ndi maso zathera pamenepa.

Pabwalo la amfumu, mboni imene inaona ndi maso siikidwa pamodzi ndi imene inamva kwa woona, ndipo imene inamva kwa wongomva imauzidwa kuti ikhale pansi. Nkhani za The Elder Scrolls, mndandanda wa magemu umene Skyrim ili m'gulu lake, zimafuna kuweruzidwa chimodzimodzi. Pali zimene wosewera amaona zikuchitika, pali zimene anthu ndi mabuku a mu gemu amanena, ndipo pali zimene zinalembedwa kunja kwa gemu. Olemba a Bethesda, kampani yopanga magemuwa, amachita dala kuti gulu lachiwiri lija likhale losadalirika. Mabuku awo amalembedwa ngati kuti awalemba anthu a m'dzikolo, okhala ndi tsankho, umbuli ndi zolinga zawo, ndipo nthawi zambiri amatsutsana.

Chitsanzo chake ndi buku la Night of Tears, limodzi mwa atatu amene Orthorn, yemwe kale anali wophunzira wa pakolejipo, anaba m'laibulale n'kuthawira nawo ku Fellglow Keep. Mlembi wake, Dranor Seleth, amakumbutsa nkhani yodziwika ya usiku umene ma Elf anawotcha Saarthal, Ysgramor, mtsogoleri wa a Nord, n'kupulumuka ndi ana ake awiri, kubwerera ku Atmora, kwawo kwa a Nord, n'kudzabweranso ndi anzake 500 kudzabwezera. Kenako amapereka maganizo ake, akuti a Nord pokumba mzinda wawo anapeza chinthu champhamvu pansi pa nthaka n'kuyesa kuchibisa, ma Elf atamva anachisirira, ndipo Ysgramor anabwerera osati kudzangolipsira kokha komanso kudzaonetsetsa kuti chinthucho chikhalebe chokwiririka. Bukuli ndi limene limapangitsa ambiri kunena motsimikiza kuti nkhondo ya a Nord ndi a Falmer, ma Elf aja, inayambira pa Diso. N'zomveka, ndipo inenso ndimapendekera komweko, koma mlembiyo akulemba patadutsa zaka masauzande, ndipo iye mwini akusonyeza kuti akungolumikiza zidutswa.

Pali mpata wina umene sindimva anthu ambiri akuutchula. Jyrik sanali wa m'nthawi ya Ysgramor. Ndi mmodzi mwa ana atatu a Gauldur, iye ndi Sigdis ndi Mikrul, amene anapha bambo awo n'kugawana chithumwa chawo m'Nyengo Yoyamba, mu ulamuliro wa mfumu Harald. Jyrik anathawira ku Saarthal, amatsenga amene ankamusaka anamugonjetsera komweko, n'kumutsekera m'mabwinjamo ndi kalata ya themberero imene mumaipeza pamtembo wake. Tsono ngati anthu amenewa anafika m'chipinda chija, ndiye kuti Diso analiona, koma zolemba zokhudza Gauldur zimangokamba za chithumwa. Mwina lamulo la mfumu lofafaniza dzina la Gauldur m'mbiri linameza ndi nkhani ya Diso yomwe. Mwina olemba gemu anangofuna mdani woti aike m'chipindacho. Funso ngati ili ndi limene ine ndimaona kuti n'loyenera kukanganirana, chifukwa mbali zonse zimachokera m'zimene tonse tikhoza kukaona.

Tsopano tibwere kwa KINMUNE. Dzinali ndi mutu wa nkhani yaifupi imene analemba Michael Kirkbride, mmodzi mwa olemba amene anaumba mbiri ya Morrowind, gemu ya 2002, ndipo ndi iyeyo amene analemba maulaliki 36 a Vivec, mmodzi mwa milungu ya mu gemu imeneyo. Nkhaniyi anaiika pa intaneti. Mu gemu mulibe. Imakamba za makina okumba migodi a m'Nyengo Yachisanu ndi Chinayi, oyendetsedwa ndi anthu angapo ali kutali, amene nkhondo ina inawaponyera m'mbuyo m'nthawi, maganizo a owayendetsa aja atatsalira m'kati mwake. Makinawo anasokonezeka mutu, anthu akale n'kumawatenga ngati wolosera, kufikira Ysgramor atatuma ankhondo ake kukawagwira n'kuwatsekera pansi pa Saarthal. Apa ndi pamene pagona malingaliro onse a mnzanuyo: chinthu chachilendo pansi pa Saarthal m'nkhani ya Kirkbride, chinthu chachilendo pansi pa Saarthal mu Skyrim, basi n'chimodzi.

Nditaiwerenga nkhaniyo ndinadabwa ndi zinthu zitatu, ndipo mpaka pano palibe wa gulu la mkulu uja amene anandiyankhapo zogwira mtima. Choyamba, mawu akuti Diso la Magnus mulibemo. Chachiwiri, ndondomeko ya zochitika siigwirizana: mwa Kirkbride, Ysgramor ndi mfumu kale ndipo Saarthal ndi wopsa kale pamene makinawo akutsekeredwa, pamene mu Night of Tears chinthucho chinali pansipo mzindawo usanawotchedwe, ndipo n'chimene chinauwotchetsa. Chinthu sichingakhale choyambitsa moto n'kukhalanso choikidwa paphulusa la moto womwewo. Chachitatu, nkhaniyo imati makinawo anatsekeredwa ndi zipangizo za Dwemer, ndiye amene amati chimpira chija ndi ndende yake ayenera kutiuza chifukwa chimene Tolfdir, ataima pafupi nacho, akukanira kuti zilembozo si za Dwemer. Amayankha kuti Tolfdir akhoza kulakwitsa, ndi kuti nthawi mu Elder Scrolls imathyoka n'kupindika. Inde imathyoka, koma yankho limene lingagwire ntchito pa funso lililonse silithandiza pa funso ili.

Ndinene mosapsatira: malingaliro a KINMUNE ndi osangalatsa kuwamva, koma monga yankho la funso lakuti Diso n'chiyani, ndi ofooka kuposa onse amene ndinawamvapo, ndipo anafala chifukwa ndi odabwitsa, osati chifukwa ali ndi umboni. Munthu akanena kuti chinthu chamatsenga cha m'dziko la malupanga ndi zinjoka kwenikweni ndi loboti, omvera amatsegula pakamwa, ndipo wonenayo amaoneka ngati walowa m'chipinda chimene ena sanalowemo. Chimene amafuna ndi ulemu umenewo. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amayamba bwino, kunena kuti awa ndi maganizo chabe, koma woonera akamakafotokozera mnzake mawu aja akuti "mwina" amagwera m'njira, ndipo pofika pagulu la WhatsApp zasanduka lamulo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mnzanuyo mwachionekere nkhani ya Kirkbride sanaiwerenge, ngakhale ndi yaifupi moti munthu amaimaliza tiyi asanazizire, ndipo ine ndinafika poleka kukangana ndi aliyense amene amatchula KINMUNE koma sangandiuze mmene nkhaniyo imayambira.

Kirkbride mwiniwakeyo ndisamulakwire. Zolemba zake za kunja kwa gemu si zinyalala, ndipo zina zinalowadi mu gemu. Heimskr, mlaliki uja amene amafuula tsiku lonse pansi pa chifanizo cha mulungu Talos mumzinda wa Whiterun, mbali ina ya ulaliki wake inachokera m'zimene Kirkbride analemba kunja. Izi zikusonyeza kuti olemba a Bethesda amawerenga zolemba zakezo n'kumatolamo zimene akufuna. Koma zikusonyezanso kuti akafuna kutola amatola poyera, mawu ake n'kumveka m'kamwa mwa munthu wa mu gemu. Pa Diso sanatero, ngakhale mpata anali nawo m'mishoni zonse za kolejiyo ndi m'mabuku onse a Urag.

Za a Thalmor ndi nsanja

Malingaliro achiwiri amene mudzakumane nawo ndi akuti Ancano sanali wadyera chabe, koma ankakwaniritsa cholinga chachikulu cha a Thalmor chofuna kumasula dziko lonse kuti ma Elf abwerere ku umzimu umene amakhulupirira kuti mulungu Lorkhan anawalanda powanyengerera kulenga Mundus, dziko lokhalamo anthu. Amenewa ali ndi pogwira. Pankhondo yomaliza Ancano amadzitama kuti mphamvu yophwasulira dziko ili m'manja mwake, ndipo tikudziwa kuti a Thalmor, kudzera m'pangano la White-Gold la chaka cha 175 cha Nyengo Yachinayi, analetsa kupembedza Talos. Okonda malingalirowa amawalumikiza ndi nkhani ya nsanja zimene amati zimachirikiza dziko, monga Red Mountain, Crystal Tower, White-Gold ndi phiri la Throat of the World, ndipo amakumbutsa kuti ulosi wa kubwera kwa chinjoka Alduin umatchula kugwa kwa zingapo mwa izo. Ena amafika ponena kuti Diso ndi mwala wopatsa mphamvu nsanja ya ku Skyrim.

Apanso tisiyanitse. Zoti nsanja zilipo ndiponso kuti ulosi umazitchula, zili mu gemu. Zoti a Thalmor monga boma akufuna kuzigwetsa dala kuti chilengedwe chithe, gwero lake lalikulu ndi zolemba za kunja za Kirkbride yemweyo. Mu Skyrim, Ancano amatuma mnzake Estormo kukakudikirirani potulukira ku Labyrinthian, koma palibe kalata kapena lamulo lochokera kwa akuluakulu ake limene timaonetsedwa lomuuza kuti atsegule Diso, ndipo Augur wa ku Dunlain, mawu aja okhala m'kuwala pansi pa koleji, amamufotokoza ngati munthu amene kufunafuna nzeru kukumupititsa kuchiwonongeko. Kudzitama kwa munthu amene waledzera ndi mphamvu sikufanana ndi mfundo za boma lake. Ngakhale zili choncho, malingaliro awa ndimawalemekeza kuposa a loboti aja, chifukwa amayambira pa mawu amene wosewera aliyense amawamva ndi makutu ake.

Za kugwa kwa Winterhold

M'chaka cha 122 cha Nyengo Yachinayi, mafunde a Sea of Ghosts anagumula mbali yaikulu ya mzinda wa Winterhold n'kuigwetsera m'nyanja, koleji yokha n'kutsala chilili pamwamba pa thanthwe. Anthu a m'tauniyo, kuphatikizapo mfumu yawo Jarl Korir, amaloza chala amatsenga, pamene a kukoleji amati mwina zinali zotsatira zochedwa za kuphulika kwa phiri la Red Mountain kwa m'chaka cha 5. Popeza Saarthal ali pafupi, ena amati Diso ndi limene linagwedeza nthaka, ndipo pali mphekesera yoti olemba anakonza zoti wosewera abwerere m'mbuyo m'nthawi kudzera m'Diso n'kukhala iye woyambitsa ngoziyo, koma gawolo linadulidwa. Mphekesera imeneyi ndimaimva kawirikawiri, ndipo aliyense amene ndamupempha kuti andionetse wopanga gemu amene ananena zimenezo amanditumizira vidiyo ya wosewera mnzathu. Chimene chimaipatsa moyo n'choti mishoni za kolejiyi zimaonekadi zothamangitsidwa: munthu umalowa ngati wophunzira, phunziro lenileni umalandira limodzi la kudzitchinjiriza, ndipo posakhalitsa wapatsidwa mkanjo wa mkulu wa koleji. Pamene nkhani yasiya mabowo otere, osewera amawatseka ndi zawo.

Khalidwe limeneli lili ndi chitsanzo chimene chinafufuzidwa mpaka pamapeto, ndipo n'chothandiza pankhani ya Diso. Kwa zaka zambiri osewera ankalumbira kuti nkhandwe za mu Skyrim zinapangidwa dala kuti ukazitsatira zikufikitse pachuma. Mu 2021 Joel Burgess, mmodzi mwa amene anakonza malo a mu gemuyi, anafotokoza kuti palibe anakonza zimenezo. Pansi pa dziko la gemu pali ukonde wosaoneka wa tizigawo ta makona atatu umene zamoyo zimayendera. Kutchire tizigawoto n'tatikulu ndi tochepa, pamene pamisasa ndi pamabwinja n'tating'ono ndi tothithikana. Nkhandwe ikamathawa siwerenga mtunda, imafuna kutalikira ndi tizigawo 100, ndipo njira yachidule yokwanitsira chiwerengerocho ndi kuthamangira kumene kwathithikana, komwenso kumakhala mabokosi a chuma. Osewera anaona zoona, koma chifukwa chimene anapereka sichinali chimenecho. Nkhaniyi imandibwerera nthawi zonse ndikamva wina akunena kuti zilembo za pa Diso zikufanana ndi za pa mipukutu ya Elder Scrolls, choncho ziwirizi zinachokera kumodzi. Zikhoza kutero, zikhozanso kukhala kuti wojambula anafuna zilembo zooneka zakale n'kutenga zimene zinalipo kale.

Ndipo Bethesda kubisa yankho ndi mwambo wake. A Dwemer anazimiririka onse m'chaka cha 700 cha Nyengo Yoyamba, pamene katswiri wawo Kagrenac anakhudza Mtima wa Lorkhan ndi zida zake, ndipo ngakhale mu Morrowind timakumana ndi Yagrum Bagarn, wotsala yekhayo, iyenso amangopereka zoganizira. Mu Skyrim momwemo, Arniel Gane uja tinakumana naye ku Saarthal amayesa kubwereza zimene Kagrenac anachita, amamenya mwala wa mizimu ndi mpeni wa Keening, n'kuzimiririka pamaso panu, mpeni n'kugwa pansi. Palibe amabwera kudzafotokoza. Amene akuyembekeza kuti The Elder Scrolls VI, imene inalengezedwa mu 2018, idzatsegula bokosi la a Psijic n'kutionetsa chimene chili m'Diso, akuyembekeza chinthu chimene kampaniyi sinachitepo ndi a Dwemer m'magemu onsewa, ndipo ine ndikanakonda isadzachite. Diso lofotokozedwa lingakhale chida wamba ngati lupanga lina lililonse la m'bokosi.

Maganizo anga, popeza mudzafunsa, ndi osadabwitsa, ndipo n'chifukwa chake sapeza owaombera m'manja. M'nthano za chilengedwe za m'dzikolo, Magnus, mulungu wa matsenga, ndiye anajambula mapulani a Mundus, koma ataona mtengo wake anathawa, n'kuboola thambo polowera ku Aetherius, dziko la mizimu. Bowolo ndi dzuwa, ndipo matsenga amatsikira padziko kudzera pamenepo ndi m'nyenyezi zimene omutsatira anaboola. Ndodo yake ndi yakale m'magemuwa, inalipo kuyambira mu Arena ya 1994, pamene Diso linayamba kuonekera mu Skyrim. Ndodoyo ntchito yake ndi kuyamwa matsenga, Diso ntchito yake ndi kuwatulutsa mosalekeza, ndipo pa zida zonse za m'dzikolo ndi Ndodo yokha imene imalitseka. Augur amanena kuti wofuna kuona kudzera m'Diso la Magnus popanda kuchita khungu afunika ndodo yake, ndipo pa mboni zonse za mu gemu iyeyu ndi amene zonena zake zimakwaniritsidwa. Mukaphatikiza ndi zilembo zimene si za mtundu uliwonse wodziwika, chimene chimatsala n'choti ichi ndi chinthu cha m'nthawi ya chilengedwe, chogwirizana ndi Magnus, chotulukira mphamvu ya Aetherius. Kaya ndi chida chimene ankayezera ntchito yake, kaya ndi chimene anataya pothawa, pamenepo aliyense ali ndi ufulu woganiza zake, bola anene kuti akuganiza.

Tsono kwa mnzanuyo, achimwene, muyankhe kuti ayi, gemu sinena kuti Diso ndi loboti. Zimenezo zinachokera pa kulumikiza nkhani ya kunja ya Kirkbride ndi Saarthal wa mu Skyrim. Mumupemphe awerenge KINMUNE ndi Night of Tears motsatizana, zonse zimapezeka pa webusaiti ya The Imperial Library, kenako akuuzeni chimene chinayamba pakati pa kupsa kwa mzinda ndi kukwiriridwa kwa chinthucho. Ndipo ngati muli ndi sevu ya musanalowe mu Hall of the Elements ndi Ndodo, ibwezeni, mumusiye Ancano alitsegule, muyandikire n'kuyang'ana m'kati mwa zigambazo musanazitseke, kuti pokakangana mukanene zimene mwaona nokha.